Jackie Robinson

Jack Roosevelt Robinson (31 Januwale 1919 – 24 Okutobala 1972) anali katswiri wa masewera a baseball wa ku America. Iye ndiye munthu wakuda woyamba kusewera mu ligi yaikulu ya dzikolo chiyambire pamene akuda anatsekeredwa kunja m'zaka za m'ma 1880.

Anabadwira ku Cairo m'chigawo cha Georgia, koma anakulira ku Pasadena, California. Mu 1944, ali msilikali, anaimbidwa mlandu atakana kukakhala kumbuyo m'basi, ndipo khoti la asilikali linamupeza wosalakwa. Chaka chotsatira anasewerera Kansas City Monarchs, timu ya mu ligi ya akuda okhaokha.

Mkulu wa Brooklyn Dodgers, Branch Rickey, sanamutengere ku timu yaikulu nthawi yomweyo. Anayamba wamutumiza ku Montreal Royals, timu yaing'ono imene Dodgers inkasulirako osewera ake.

Matimu a baseball amakakonzekera ligi kumadera ofunda, ndipo mu 1946 Royals inapita ku Florida, kumene malamulo a tsankho anali okhwima. Robinson ndi mkazi wake Rachel sanaloledwe kugona kuhotela pamodzi ndi osewera anzake, moti anasungidwa ndi banja lina la akuda. Ku Sanford anachita kuthawitsidwa chifukwa cha ziopsezo. Ku Jacksonville timuyo inapeza bwalo lili lokhoma. Ku DeLand masewera analephereka ati chifukwa magetsi a pabwalo anali owonongeka, chonsecho masewerawo anali a masana. Mzinda wa Daytona Beach ndi umene unalola, ndipo pa 17 Malichi 1946 Robinson anasewera pa City Island Ballpark pamene Royals inakumana ndi Dodgers.

Chaka chimenecho anaposa onse mu International League pomenya mpira, ndipo Royals inatenga chikho cha Little World Series itagonjetsa Louisville Colonels. Pa 15 Epulo 1947 anasewerera Dodgers koyamba pa Ebbets Field. Anasankhidwa kukhala wosewera wopambana mu National League mu 1949, natenga World Series mu 1955.

Anamwalira ndi matenda a mtima ku Stamford, Connecticut, ali ndi zaka 53. Mu 1997 ligi inalamula kuti nambala yake, 42, isapatsidwenso kwa wosewera wina. Bwalo la ku Daytona Beach lija tsopano limatchedwa Jackie Robinson Ballpark, ndipo timu yaing'ono ya Daytona Tortugas imasewerera pomwepo.