Alick Nkhata, Mphunzitsi Amene Anaphunzitsa ndi Gitala

Alick Nkhata anabadwira ku Kasama m'chaka cha 1922, dziko la Zambia likali kutchedwa Northern Rhodesia. Atate wake anali Mtonga, amake anali Mbemba. Atatha sukulu anaphunzira ntchito ya uphunzitsi, pakuti masiku amenewo mnyamata wodziwa kuwerenga ndi kulemba analibe njira zambiri zoti atsate koma uphunzitsi, ukalaliki, kapena kuthandiza dokotala m'chipatala. Koma Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse inampatutsa, ndipo analowa usilikali nafika mpaka ku Burma pamodzi ndi anyamata ena ambiri a m'maiko ano.

Atabwerako kunkhondo anagwira ntchito ndi Mzungu wina dzina lake Hugh Tracey, amene ankayendayenda m'midzi ndi makina ojambulira mawu, kusonkhanitsa nyimbo za makolo kuti zisatayike. Imeneyi ndiyo inali sukulu yeniyeni ya Alick. Anamva nyimbo za pamtondo, za pamaliro, za alenje ndi za pamowa, za mitundu yosiyanasiyana, nazindikira kuti nyimbo ya pamudzi siimbidwa chabe. Imadzudzula waulesi, imaseka wodzitama, imalangiza mkamwini, ndipo wodzudzulidwayo amavina nawo osakwiya. Tracey ankafuna kuzisunga nyimbozo monga momwe zinaliri. Alick anaona kuti zingathenso kuyenda ulendo, kutsata eni ake kumene anapita kukafuna ntchito.

Tsono m'zaka zomwezo ku Lusaka kunali kuchitika chinthu chachilendo. Nyumba ya wailesi imene inayamba m'chaka cha 1941 kuti idziwitse anthu za nkhondo inakula, nitchedwa Central African Broadcasting Service, ndipo inkalankhula kwa anthu a Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland m'zinenero zawo, monga Chibemba, Chinyanja, Chitonga, Chilozi, Chishona ndi Chindebele. Chovuta chinali chakuti anthu analibe chomvera. Mkulu woyang'anira zofalitsa nkhani, Harry Franklin, anapempha kampani ya Ever Ready ya ku Britain kuti ipange wailesi yotsika mtengo, ndipo m'chaka cha 1949 inafika. Inali yozungulira ngati sefuliya, nchifukwa chake anaitcha Saucepan Special. Inkayendera batire, mabowo ake anali otchingidwa ndi kaukonde kuti tizilombo tisalowemo, ndipo mtengo wake unali mapaundi 5. Ndalama zimenezo sizinali zochepa, komabe mphunzitsi kapena kalaliki wosunga bwino ankatha kuigula, ndipo madzulo khonde lake linkadzaza ndi anansi.

M'nyumba ya wailesi imeneyo ndimo Alick analowa ntchito youlutsa mawu ndi kumasulira. Anasonkhanitsa anzake oimba nayamba kagulu ka anthu anayi, kamene pambuyo pake kanakula nikakhala Lusaka Radio Band, ndiponso m'kupita kwa nthawi Big Gold Six Band.

Kuti munthu amvetse chifukwa chake nyimbo zake zinagwira mitima, ayenera kukumbukira Lusaka wa masiku amenewo. Azungu ankakhala ku Woodlands ndi ku Kabulonga, m'nyumba zotakasuka za mabwalo a maluwa. Ku Kabwata kunali tinyumba tozungulira tofolera udzu, chipinda chimodzi chokha, timene Boma linamangira antchito poganiza kuti akazi ndi ana adzatsala kumudzi. Mnyamata wofika kumeneko analibe gogo womlangiza, ngakhale malume womuopa. Malipiro ankatha asanathe mwezi, maukwati ankamangidwa ndi kumasuka popanda ankhoswe. Alick ankatenga maimbidwe a pamudzi amene mnyamatayo anawamva ali kumsana kwa amake, nawaika pa gitala, nawakometsa ndi mawu ogwirizana bwino monga a kwaya, naikamo nkhani za m'tauni momwemo: za chikondi, za mowa, za kunyada ndi zovala, za mavuto a pabanja. Ankaimba kwambiri m'Chibemba ndi m'Chinyanja. Mawu ake anali ofewa, osakalipa, kotero kuti malangizo ankalowa munthu akumwetulira.

Akulu ena sankaliona bwino gitala, pakuti kwa iwo linali chida cha m'nyumba za mowa, ndipo ana asukulu ambiri analangidwapo chifukwa chopanga banjo ya chitini. Akuluwo anali ndi zifukwa zawo, koma pa Alick analakwitsa. Iye anali kuchita ntchito imene anamkungwi ndi ankhoswe sankatha kuifikira, ndipo ophunzira ake anali ochuluka koposa a mphunzitsi aliyense wa m'dzikomo.

Ntchitoyo inali ndi zoopsa zake. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitayamba mu 1953 anthu asakuchifuna, wailesi ya Boma inayamba kukayikiridwa. Kunabuka mphekesera yakuti oulutsa mawu akugwirizana ndi anthu opopa magazi, otchedwa banyama, ndipo ena a iwo ankayenda ndi mantha m'makomboni momwe ankakhala. Alick anapirira m'zaka zovutazo mpaka dziko linalandira ufulu pa 24 October 1964. M'Zambia watsopanoyo anapatsidwa udindo waukulu pa wailesi, pambuyo pake nakhala woyang'anira za chikhalidwe cha dziko.

Mu 1974 anapuma ntchito nanka kukalima ku Mkushi. Kumeneko, pafupi ndi munda wake, kunali msasa wa gulu la Joshua Nkomo limene linkamenyera ufulu wa Zimbabwe. Pa 19 October 1978 ankhondo a boma la Ian Smith analowa m'Zambia ndi ndege, naphulitsa msasa wa Chikumbi kumpoto kwa Lusaka ndi wa ku Mkushi tsiku lomwelo. Anthu ambiri anafa, ndipo mmodzi wa iwo anali Alick Nkhata, wa zaka 56, amene sanali msilikali wa mbali iliyonse. Kunali kutatsala masiku asanu kuti Zambia akwanitse zaka 14 za ufulu.

Mu 1991 kampani ya RetroAfric ya ku London inasonkhanitsa nyimbo zake zakale nizitulutsanso pa chimbale chotchedwa Shalapo, mawu a Chibemba otsazikira munthu wotsala. Ku Lusaka, msewu umene uli ndi likulu la wailesi ya dziko, wochokera ku Longacres kunka cha ku Kalingalinga, umatchedwa Alick Nkhata Road.