Saladin: Mfumu Yomanga Linga Lomwe Sinagonemo

Anzanga, mu History timamva kwambiri za mapiramidi a ku Egypt, koma ine lero ndikufuna ndikuuzeni za chinthu china cha ku Egypt komweko. Mu mzinda wa Cairo muli linga lalikulu lamiyala lomangidwa pa mapiri a Mokattam. Amene anayambitsa lingali ndi Salah al-Din Yusuf, yemwe azungu amangomutchula kuti Saladin.

Saladin sanali wa ku Egypt ayi. Anabadwira ku Tikrit, m'dziko lomwe lero ndi Iraq, cha m'ma 1137, ndipo anali wa mtundu wa Akurd. Bambo ake, a Ayyub, ndi m'bale wawo Shirkuh ankagwira ntchito yausilikali kwa mafumu a ku Syria. Shirkuh atatumidwa kukamenya nkhondo ku Egypt, anamutenga mnyamatayu. Mu 1169 Shirkuh anakhala nduna yaikulu ya Egypt, koma patangotha miyezi iwiri anamwalira, mpando n'kugwera Saladin. Pofika 1171 ufumu wa Afatimid womwe unkalamula kumeneko unatha, ndipo mphamvu zonse zinali m'manja mwake.

Koma mpando wake sunali wokhazikika. Asilikali achikhristu ochokera ku Ulaya, aja amati ma Crusader, anali atalowapo kale mu Egypt ndi nkhondo. Panalinso ena omwe anayesa kumubaya kawiri konse. Ndiye mu 1176 analamula kuti paphiri pamangidwe linga, poti munthu ukaima pamenepo umaona mzinda wonse ndi mdani akadali kutali. Kapitawo wa ntchitoyi anali Qaraqush. Miyala ina anakaigumula ku timapiramidi ting'onoting'ono ta ku Giza, ndipo pakati pa osenza miyalayo panali akaidi ogwidwa ku nkhondo.

Chimene chinandigometsa ine ndi nkhani ya madzi. Tonse tikudziwa kuti paphiri pamasowa madzi, ndipo adani akakuzingani, ludzu limakugonjetsani msanga kuposa mikondo. Ndiye anthuwa anasema chitsime m'thanthwe lenileni, kuya kwake pafupifupi mamita 90. Tangoganizani, bwalo lathu lampira kuliimika chilili! Popanda makina, ndi manja basi. Chitsimecho anachigawa pawiri. M'mbali mwake anasema kanjira kozungulirazungulira kotsikira ng'ombe mpaka pakati. Ng'ombe za pakatizo zinkazunguza gudumu lokoka mitsuko yomangiriridwa pachingwe, madzi n'kumathiridwa m'thanki. Ng'ombe zina pamwamba zinkakokanso madziwo kuchoka m'thankimo kufika nawo kumtunda. Chitsimechi amachitcha Bir Yusuf, ndipo chilipobe.

Saladin ankaidziwa bwino mphamvu ya ludzu. Pa 4 Julaye 1187 anakumana ndi ma Crusader ku Hattin, pafupi ndi nyanja ya Galileya. Anawatsekereza kuti asafike pamadzi, anyamata ake n'kuyatsa udzu wouma kuti utsi uwatsamwitse. Gulu lonse linagonja, mfumu yawo Guy de Lusignan n'kugwidwa. Pa 2 Okutobala chaka chomwecho Saladin analowa mu Jerusalem. Ma Crusader atalanda mzindawu mu 1099 anapha anthu ambirimbiri, ndiye ambiri ankaona ngati iye abwezera. Sanatero. Analola anthu kudziombola ndi ndalama n'kumapita, ndipo osauka ena anawamasula ulere. Komabe tisamupange mngelo. Ena omwe analephera kulipira anasanduka akapolo, ndipo ku Hattin anapha yekha mdani wake Raynald de Châtillon.

Kenako kunabwera Richard, mfumu ya England, kudzalanda Jerusalem. Anamenyana mpaka onse kutopa, ndipo mu 1192 anagwirizana kuti mzindawo ukhale wa Asilamu koma Akhristu azibwera kudzapemphera mwaufulu. Patangotha miyezi isanu ndi umodzi, pa 4 Malichi 1193, Saladin anamwalira ku Damascus atadwala malungo aakulu. Atatsekula mosungira chuma chake anapezamo ndalama imodzi yagolide ndi zasiliva zosakwana 50, zosakwanira n'komwe maliro. Zambiri anali atagawira anthu ake.

Nanga linga lija? Apa ndiye pali nkhani. Saladin anachoka ku Egypt mu 1182 ntchito isanathe, ndipo sanabwerereko mpaka imfa. Woyamba kukhalamo ngati mfumu anali al-Kamil, mwana wa mng'ono wake. Kuyambira pamenepo, olamula dziko la Egypt ankakhala paphiri pomwepo kwa zaka zoposa 600, mpaka m'ma 1870 pomwe Khedive Ismail anasamukira ku nyumba yachifumu ya Abdeen. Lero alendo amakwera kukaona makomawo ndi mzikiti waukulu womwe Muhammad Ali anayamba kumanga mu 1830.

Ine ndimaona kuti munthu ameneyu ndi wovuta kumuweruza. Anakhetsa magazi, komanso anadziwa kuugwira mtima pamene akanatha kubwezera, moti ngakhale adani ake ku Ulaya ankamulemekeza. Ndipo anayamba ntchito yomwe anapindula nayo ndi ena, zidzukulu za zidzukulu. Tikamadzala mitengo pano pasukulu, ena amadandaula kuti adzakhala atalemba kale MSCE mthunzi usanabwere. Amenewo awerenge za Saladin.

Wolemba: wophunzira wa Fomu 2