Pío del Río Hortega, dokotala amene anaona maselo obisika mu ubongo

Mukadula ubongo wa mbuzi pakati, muona kuti kunja n'kotuwa koma mkati n'koyera. Wa munthu ndi chimodzimodzi. Kuyerako ndi mafuta okuta mitsempha, monga pulasitiki amakutira waya wa magetsi, kuti uthenga uziyenda mwachangu. Amene anapeza maselo opanga mafutawa ndi Pío del Río Hortega.

Anabadwa mu 1882 ku Portillo, m'dziko la Spain, ndipo anayamba ngati dokotala wa kumudzi kwawo komweko. Atasamukira ku Madrid, anatulukira njira yopakira tizidutswa ta ubongo ndi mankhwala a siliva, moti maselo amene sankaoneka pa maikulosikopu anayamba kuoneka. Zimene anaonazo zinkasiyana ndi zimene ankaphunzitsa bwana wake, Santiago Ramón y Cajal, mkulu yemwe anali atalandira kale mphoto ya Nobel. Ubale wawo unasokonekera, ndipo mu 1920 anachotsedwa mu labotale. Chaka chotsatira anafotokoza maselo amene lero amatchedwa oligodendrocyte, kenako ananena kuti ndiwo amakuta mitsempha. Nkhondo yapachiweniweni inamuthamangitsira ku Paris ndi ku Oxford, n'kukamwalirira ku Buenos Aires mu 1945, makina amphamvu asanatsimikize kuti ankanena zoona.

Chimene chikukukhudzani inu makolo ndi mavolontiya n'chakuti maselowa sachedwa kuvulala. Amasunga ayironi wambiri, koma mankhwala achilengedwe odzitetezera ali nawo ochepa. Mukudziwa mmene khasu limachitira dzimbiri likagona panja. Zofanana nazo zimachitika m'maselowa magazi akamafika mopereweza mu ubongo kapena thupi likamalimbana ndi matenda: pamatuluka tizinthu tochokera ku okosijeni timene timawadya. Amene ali pachiopsezo kwambiri ndi mwana wobadwa masabata 32 asanakwane, chifukwa maselo ake amakhala akadali anthete. Zotsatira zake zimadzaoneka mochedwa, mwana akuuma miyendo kapena kuchedwa kuyenda.

Musataye ndalama pa mapiritsi amene amati amatsuka ubongo. Kuno kwa Kachindamoto, kumene udzudzu sutha, malungo ndi chimodzi mwa zobadwitsa ana nthawi isanakwane. Mayi wa ku Golomoti kapena ku Mtakataka ayambe sikelo msanga, amwe SP, azigona mu neti. Khanda lobadwa masiku osakwana lizikhala pachifuwa pa mayi kuti lisazizidwe, ndipo likasiya kuyamwa kapena kutentha thupi, thamangirani nalo ku chipatala cha Mua tsiku lomwelo.