Colin Chapman, Mmisiri Amene Adaphunzitsa Galimoto Kukhota

Pakati pa anthu amene adasintha kapangidwe ka galimoto zampikisano, dzina la a Anthony Colin Bruce Chapman ndi losaiwalika. Iwo adabadwa pa 19 May, 1928, ku Richmond, kufupi ndi mzinda wa London, ndipo adamwalira pa 16 December, 1982, ali ndi zaka 54. Pa nthawi imene amisiri anzawo ankalimbana ndi kukulitsa injini, iwo adaika mtima pa magudumu anayi ndi m'mene amagwirira msewu, pakuti adaona kuti wopambana pa mpikisano amadziwika pamakona.

Bambo awo ankayendetsa hotela yotchedwa Railway Hotel ku Hornsey, kumpoto kwa London. Mnyamatayo atakula adakalowa University College London, kumene adaphunzira kuwerengetsera mphamvu ya zitsulo zomangira nyumba ndi milatho. Adaphunziranso kuulutsa ndege, natumikirako kanthawi kochepa m'gulu lankhondo la Royal Air Force, kenaka adalowa ntchito ku kampani ya British Aluminium. M'chaka cha 1948 adatenga galimoto yakale ya Austin 7 naimanganso m'galaja ya makolo a Hazel Williams, mtsikana amene adadzakwatirana naye mu 1954. Galimotoyo adaitcha Lotus. Mu 1952 adakhazikitsa kampani ya Lotus Engineering m'khola lakale la akavalo kuseri kwa hotela ya bambo awo. Ndalama zogulira injini zikuluzikulu adalibe, tsono njira imene idawatsalira idali yopeputsa galimoto ndi kuikonza kuti izikhota bwino kuposa zinzake.

Kuti ntchito yawo imveke, nkofunika kudziwa chimene chimachitika galimoto ikamakhota. Pakati pa thupi la galimoto ndi magudumu pali masipiring'i, ma shock absorber ndi mikono yachitsulo yogwira gudumu. Zonsezi pamodzi amakaniko amazitcha sasipenshoni. Sipiring'i imanyamula kulemera ndi kumeza mabampu, pamene shock imaletsa sipiring'iyo kuti isamangodumphadumpha. Tayala lililonse limakhudza msewu pa kamalo kofanana ndi chikhato cha dzanja, ndipo moyo wa woyendetsa uli pa timalo tinayi timeneti. Pakona kulemera kumathawira ku magudumu akunja. Matayala akutsogolo akayamba kuterereka, galimoto imakana chiwongolero ndi kumapita chowongoka. Akumbuyo akayamba, galimoto imaponya mchira ndi kuzungulira. Galimoto yokonzedwa bwino ndi imene kutsogolo ndi kumbuyo zimafika pamalire a mphamvu zake pafupifupi nthawi imodzi. Dalaivala aliyense amene adatsikapo mumsewu wokhotakhota wochokera ku Mwanza kulowera ku Zalewa, pikiapu itadzaza manachesi, amadziwa zimenezi: kumbuyo kukatsika ndi katundu, kutsogolo kumapepuka, ndipo chiwongolero chimaleka kumvera.

M'zaka za m'ma 1950 galimoto zambiri zampikisano zinkakhala ndi masipiring'i olimba ngati mwala, pamene chesisi, amene ali mafupa a galimoto, ankapindika pakona. A Chapman adatembenuza nzeru imeneyi. Adaona kuti chesisi akamapindika, mmisiri sangadziwe chimene akukonza, chifukwa thupi lonse lasanduka sipiring'i yopanda woilamula. Kotero adalimbitsa chesisi, nafewetsa masipiring'i kuti gudumu lizitsatira msewu pokwera ndi potsika, naika ma shock olimba kuti azigwira kudumphako. Adachepetsanso kulemera kwa zitsulo zonse zimene zimayenda pamodzi ndi gudumu, pakuti gudumu lopepuka limabwerera msanga pansi likagunda bampu. Mbiri yawo idamveka mofulumira, ndipo mu 1956 kampani ya Vanwall idawapempha kuti aikonzere chesisi ndi sasipenshoni; mu 1958 Vanwall idatenga chikho choyamba cha opanga galimoto za Formula One. Mu 1957, pa galimoto ya Lotus 12, adamanga sipiring'i ndi shock pa mzati umodzi woima pa gudumu lakumbuyo, ndipo chitsulo chozungulitsa gudumu adachipatsanso ntchito yoligwira kuti lisasunthire m'mbali. Kamangidwe kameneka mpaka lero kamatchedwa Chapman strut, ndipo kamaonetsa chizolowezi chawo chopatsa chitsulo chimodzi ntchito ziwiri. Nzeru zomwezi adazilowetsa m'galimoto zogulitsa: Lotus Seven ya mu 1957 ndi Lotus Elan ya mu 1962, imene sinkafika makilogalamu 700.

Munthu amene adaonetsa dziko phindu la nzeruzi adali Jim Clark, mlimi wa nkhosa wa ku Scotland. Mu 1962 a Chapman adamupangira Lotus 25, imene thupi lake lidali la malata a aluminiyamu okhomedwa ngati a ndege m'malo mwa mapaipi owotcherera, ndipo lidali lolimba kwambiri kuposa akale. Mbiri ya awiriwa idalembedwanso kuno kum'mwera kwa Africa. Pa 29 December, 1962, ku East London m'dziko la South Africa, Clark adali kutsogolo ndipo chikho cha dziko lonse chidali pafupi, koma oilo adayamba kudontha m'injini, chikhocho nkupita kwa Graham Hill. Mu 1963 Clark adapambana mipikisano 7 mwa 10 nakhala ngwazi ya dziko lonse. Adabwerezanso mu 1965, chaka chimene adapambananso mpikisano wa Indianapolis 500 ku America. Pa 1 January, 1968, m'zaka zimene Amalawi ambiri ankagwira ntchito m'migodi ya ku Joni, Clark adapambana pa bwalo la Kyalami, kumpoto kwa Johannesburg. Kumeneko kudali kupambana kwake kwa 25, ndipo adaposa Juan Manuel Fangio amene adapambana ka 24.

Mu 1966 kampaniyo idasamukira ku Hethel, m'chigawo cha Norfolk, pa bwalo lakale la ndege zankhondo, ndipo misewu yotererapo ndege idasanduka bwalo loyeserapo galimoto. Kukonza sasipenshoni ndi ntchito ya pabwalo chotere, ndipo malamulo ake sadasinthe. Pali chitsulo chopingasa cholumikiza gudumu lakumanzere ndi lakumanja, chimene chimaletsa galimoto kupendekera. Mmisiri akachilimbitsa kutsogolo, galimoto imayamba kukana kukhota. Akachilimbitsa kumbuyo, imakhota msanga koma mchira umakhala wosakhazikika. Magudumu amawapendeketsa pang'ono, pamwamba kuloza mkati, kuti pakona tayala lakunja ligone lonse pamsewu. Mpweya wa m'matayala amaupima matayalawo akadali otentha. Koposa zonse, amasintha chinthu chimodzi pa nthawi, galimoto nkuzunguliranso bwalo, ndipo woyendetsa ndiye amanena chimene wamva.

Kufunika kwa woyendetsa kudaonekera poyera mu 1970. Galimoto ya Lotus 72 idamangidwa mwakuti isamagwade kutsogolo poponda mabuleki, ndiponso isamakhale pansi kumbuyo poonjezera moto. Papepala nzeruyi idali yabwino, koma oyendetsa adadandaula kuti sankamvanso pamene matayala ankafika pamalire. Amisiri atachotsa kamangidweko, Jochen Rindt adapambana mipikisano inayi motsatizana, ku Holland, France, Britain ndi Germany.

Komabe akuluakulu adati kuthamanga si kufika. Galimoto za Lotus zidatchuka ndi liwiro, zidatchukanso ndi kuthyoka, pakuti kupeputsa kuli ndi malire ake. Pa 7 April, 1968, Clark adafa pa ngozi ku Hockenheim, m'dziko la Germany, ali ndi zaka 32, ndipo ofufuza ambiri adakhulupirira kuti tayala lakumbuyo lidaphwa. Imfa imeneyi idawasweka mtima a Chapman, chifukwa Clark adali bwenzi lawo lapamtima. Mu 1969 ku Barcelona, mapiko ataliatali a galimoto za Hill ndi Rindt adathyoka pa mpikisano umodzi, ndipo Rindt adawalembera kalata yopempha kuti azilimbitsa zitsulo zofooka ngakhale galimoto ilemereko pang'ono. Pa 5 September, 1970, Rindt adafa ku Monza, m'dziko la Italy, chitsulo cha mabuleki akutsogolo chitathyoka. Chaka chimenecho adapatsidwa chikho cha dziko lonse atamwalira kale. A Chapman adaimbidwa mlandu ku Italy, koma mu 1976 khoti lidawapeza osalakwa.

Kampaniyo idapitiriza kupambana: Emerson Fittipaldi adatenga chikho mu 1972 ndipo Mario Andretti mu 1978, chaka chomwe Ronnie Peterson adamwalira atachita ngozi m'galimoto ya Lotus ku Monza komweko. Zikho zonse za opanga galimoto zimene Lotus idatenga zidakwana 7, ndipo za oyendetsa 6. Koma galimoto za Lotus 78 ndi 79 zidabweretsa vuto latsopano. Pansi pake padaumbidwa ngati phiko la ndege lozondoka, kotero kuti mphepo inkakokera galimoto pamsewu. Kuti mphepoyo igwire ntchito, galimoto idayenera kusasuntha, tsono masipiring'i adalimbitsidwa mpaka oyendetsa ankapweteka msana. Mwini chiphunzitso cha masipiring'i ofewa adapezeka kuti wabala galimoto zouma gwa. Pofuna kukonza zimenezi, mu 1981 adamanga Lotus 88, ya matupi awiri: lakunja lolimba lonyamula mphepo, lamkati lofewa lonyamula woyendetsa. Akuluakulu a mpikisano adaikana, ndipo siidapikisane ndi kamodzi komwe. Pamenepo amisiri awo, motsogozedwa ndi Peter Wright, adayamba kupanga sasipenshoni yolamulidwa ndi kompyuta. Idalowa mumpikisano mu 1983, ndipo mu 1987 Ayrton Senna adapambana nayo ku Monaco ndi ku Detroit, koma a Chapman sadazione zimenezi.

Zaka zawo zomaliza zidadetsedwa ndi nkhani ya ndalama. Lotus idathandiza kupanga galimoto ya DeLorean, imene fakitale yake kufupi ndi Belfast idamangidwa ndi thandizo la boma la Britain, ndipo ndalama zambiri zidasowa. Mu 1992 Fred Bushell, amene ankasunga chuma cha Lotus, adalamulidwa kukhala m'ndende zaka zitatu, ndipo woweruza adanena poyera kuti a Chapman akadakhala moyo akadalandira chilango chokulirapo. Iwo adali atamwalira kale ndi matenda a mtima, patangopita miyezi inayi kuchokera pamene adaponya chipewa chawo m'mwamba komaliza, monga mwa mwambo wawo, Elio de Angelis atapambana ku Austria.

Ufulu wopanga Lotus Seven adaugulitsa mu 1973 ku kampani ya Caterham, imene ikupangabe galimotoyo. Pa masiku amene mabwalo ampikisano amatsegulidwa kwa anthu wamba, eni galimoto zotere amaoneka atagwada pambali pa gudumu, akupima mpweya ndi kutembenuza kachitsulo ka shock, kufunafuna kuti kutsogolo ndi kumbuyo zigwirizane. Funso limene amalimbana nalo ndi lomwe a Chapman adayamba nalo mu 1948 pa Austin 7 yakale ija.