Clements Kadalie

Clements Kadalie (Epulo 1896 – 28 Novembala 1951) anali Mmalawi amene anayambitsa bungwe loyamba lalikulu la anthu akuda apantchito ku South Africa, lotchedwa Industrial and Commercial Workers' Union kapena ICU.

Ubwana ndi maphunziro

Anabadwira m'mudzi wa Chifira, pafupi ndi Bandawe, m'boma la Nkhata Bay. Anali Mtonga wa ku banja lachifumu. Anaphunzira ku mishoni ya Livingstonia ndipo anatuluka ali mphunzitsi. Mu 1915 anachoka kwawo kukafuna ntchito, monga ankachitira anyamata ambiri a ku Nyasaland. Anagwira ntchito ku Mozambique ndi ku Southern Rhodesia, kenako anafika ku Cape Town mu 1918.

Bungwe la ICU

Mu Januwale 1919, mothandizidwa ndi mzungu wina dzina lake Arthur Batty, Kadalie anasonkhanitsa anthu ogwira ntchito padoko n'kukhazikitsa ICU. Mu Disembala chaka chomwecho anatsogolera sitalaka yofuna kuti malipiro akwere komanso kuti zakudya zisamatumizidwe kunja pamene zinthu zinali zitakwera mtengo. Mu 1920 boma linalamula kuti apitikitsidwe m'dzikolo, koma lamulolo linathetsedwa.

Bungweli linafalikira m'matauni ndi m'mafamu, kumene alimi akuda ankathamangitsidwa m'minda. Kenako likulu lake linasamukira ku Johannesburg, ndipo pofika 1927 mamembala anali pafupifupi 100,000. Chaka chimenecho Kadalie anapita ku Geneva ndi ku Britain kukafotokoza mavuto a antchito akuda.

Kugwa kwa bungwe

ICU inakula mofulumira kuposa mmene atsogoleri ake akanathera kuiyendetsa. Mu 1926 inachotsa mamembala a chipani cha Komyunizimu. Panabukanso mikangano yokhudza ndalama, ndipo mu 1928 nthambi ya ku Natal inadzipatula motsogozedwa ndi A. W. G. Champion. Kadalie anatula pansi udindo mu 1929 n'kuyambitsa Independent ICU. Mu 1930 anatsogolera sitalaka ku East London ndipo anamangidwa.

Imfa

Anamwalira ku East London mu 1951. Buku la mbiri ya moyo wake, My Life and the ICU, linasindikizidwa mu 1970. Ngakhale ICU inatha pasanapite zaka zambiri, akatswiri a mbiri yakale amaitenga ngati chiyambi cha mabungwe a antchito akuda kum'mwera kwa Africa.