Eusébio, Mwana wa ku Mafalala

Ine ndikaona ana akumenya mpira wachikulunga kuno ku Milange, ndimakumbukira malemu Eusébio. Anabadwira ku Mafalala, mumzinda wa Maputo, mu 1942, ndipo nayenso anayamba chomwechi, wopanda nsapato. Mu 1960 anapita ku Benfica. Mu 1962 anamwetsa Real Madrid zigoli ziwiri, Benfica n'kutenga chikho cha ku Ulaya. Pa chikho cha dziko lonse mu 1966, North Korea ikutsogola 3-0, mkuluyu anachinya zinayi yekha! Chimandiwawa n'chakuti ankachinyira Portugal, poti nthawiyo tinali pansi pa atsamunda. Anamwalira ku Lisbon mu 2014. Makolo anzanga, anawa tisawalande mpira ayi, iwowa adzachinyire Mambas.