Thomas Cromwell, Nduna ya Mfumu Henry VIII

Thomas Cromwell anabadwa cha m'ma 1485 ku Putney, pafupi ndi London, m'dziko la England. Bambo wake anali wosula zitsulo ndi wofulula mowa. Ali mnyamata anachoka kwawo, nakagwira ntchito kwa amalonda ku Italy ndi ku Antwerp. Atabwerera anaphunzira malamulo, nalowa ntchito kwa Kardinala Wolsey, nduna yaikulu ya Mfumu Henry VIII.

Mfumuyo inafuna kusiya mkazi wake, Catherine wa ku Aragon, kuti ikwatire Anne Boleyn. Apapa Clement VII sanalole, ndipo mu 1529 Wolsey anachotsedwa pampando chifukwa cholephera kukonza nkhaniyo. Cromwell anaona ndi maso ake kugwa kwa mbuye wake, komabe sanaope kuyandikira mfumu, ndipo posachedwa anasanduka dzanja lake lamanja. Iye ndiye anakonza lamulo la 1533 loletsa kupititsa milandu ku Roma, ndi la 1534 lonena kuti mfumu ndiyo mutu wa Eklezia mu England. Ambuye Episkopi John Fisher ndi Thomas More anakana kuvomereza zimenezo, nadulidwa mitu mu 1535. Apapa Pius XI anawalemba m'gulu la oyera mu 1935.

Kuyambira 1536 kufikira 1540 Cromwell anatseketsa nyumba za amonke ndi za masisiteri zoposa 800, ndipo chuma chake chinatengedwa ndi mfumu. Mu 1538 analamulanso kuti parishi iliyonse ikhale ndi buku lolembamo obatizidwa, okwatitsidwa ndi oikidwa m'manda.

Tsoka linamfikira pa nkhani ya ukwati, monga momwe linafikira Wolsey. Iye anakonza zoti mfumu ikwatire Anne wa ku Cleves mu January 1540, koma mfumu sinamkonde mkaziyo. Adani a Cromwell anapezerapo mpata. Mu April anapatsidwa ulemu wa Earl wa ku Essex. Pa 10 June anamangidwa pakati pa msonkhano wa nduna zinzake. Nyumba ya malamulo inamuweruza osamlola kudziyankhira. Ali m'ndende analembera mfumu kupempha chifundo, koma sizinathandize, ndipo panalibenso bwalo lina lokadandaulako, pakuti iye mwini anathandiza kuika mfumu pamwamba pa mabwalo onse. Anadulidwa mutu pa 28 July 1540, tsiku lomwe mfumu inakwatira Catherine Howard.

Mlembi wa nthano Hilary Mantel, m'buku lake la Wolf Hall la 2009, anamuonetsa ngati munthu wanzeru ndi wokonda banja lake. Nzeruzo analidi nazo, koma anazipereka zonse kwa mfumu imodzi yosinthasintha mtima. More anaphedwa chifukwa chokana kumvera mfumu pa za chikhulupiriro. Cromwell anaimvera m'zonse, naphedwabe ndi mfumu yomweyo patangopita zaka zisanu.